Wogwira Chingwe ku Falmouth

Sitima imafika tambala atatopa kale kulira,
yoyera mbee, yaitali kuposa nsanja ya tchalitchi chathu.
Ikaima imatseka mphepo ya kunyanja,
ndipo zovala za mlongo wanga Icilda zimachedwa kuuma.

Ine ndine Linval. Ntchito yanga ndi chingwe.
Amandiponyera kakang'ono, ndimakoka,
kenako chimabwera chachikulu ngati ntchafu ya ng'ombe,
chonyowa, chonunkha mchere wa zilumba zina.
Ndimachikoleka pa chitsulo. Basi. Mzinda woyandama waima.

Lachitatu lija mayi wina pa khonde lachisanu ndi chinayi,
kapu ya khofi m'manja, chipewa chotambalala ngati lichero,
anawerama nakuwa: "Bambo inu! Kodi n'koyenera kutsika?"
Mphepo inalanda yankho langa n'kukapatsa mbalame.
Ndiye ndiyankhe lero, mayi,
ngakhale muli kale pa doko lina.

Ngati mutsika n'kuthera mkati mwa mpanda, musavutike.
Mphete zonyezimira zili m'masitolo umo
munaziona dzulo, mudzazionanso mawa.
Malaya olembedwa dzina la dziko lathu
anabwera m'makatoni kuchokera kutali kuposa kwanu.
Ng'oma imalira kamera ikaloza.
Woiimbayo ndi mwana wa Icilda,
ndipo nyimboyo inamukwana kalekale.

Koma geti lilipo, ndipo mlonda sakaniza munthu.
Kunja kwake, inde, adzakuzingani:
takisi, mayi! tikulukeni tsitsi, mayi!
Musaope. Ndi lendi ya nyumba chabe yavala kumwetulira.
Pitirirani. Khotani pa nyumba yamatabwa yopendekeka
imene namondwe anaikankha katatu koma inakana kugwa.
Icilda ali pomwepo, akuwotcha nsomba pa theka la mgolo,
tsabola wake amagwetsa misozi ngakhale wapolisi.
Sadzakufunsani kumene mwachokera.
Adzakufunsani ngati mwasamba m'manja.

Chaka chatha mkulu wina wa ku Manitoba, Bambo Orest,
anasochera akufunafuna mankhwala a chifuwa.
Anapezeka ali pansi pa mtengo wa mango ndi Barrington ndi anzake,
akumenya madomino pa tebulo lothyoka mwendo.
Anagonja kasanu ndi kawiri.
Anaseka mpaka mano oikirira anagwedezeka.
Lipenga la sitima litalira anathamanga nsapato kumanja,
ndipo ine ndinachedwa dala pa chingwe chomaliza,
kunamizira kuti mfundo yalimba.

Sindikunamizani kuti zonse n'zokoma.
Ngalande zimanunkha mvula ikagwa.
Barrington amati chikumbireni nyanja kuti sitima zanu zikwane
amayenda maola awiri pa bwato kuti apeze nsomba
zimene kale ankakola akuona denga la nyumba yake.
Mukamufunsa adzakuuzani zonse,
ndipo nkhani imeneyo siikwana m'chikwama cha mphatso.
Mwina ndi yomwe muyenera kutsikira.
Mwina ayi. Miyendo ndi yanu.

Nthawi ikakwana ndimamasula.
Chingwe chimagwera m'madzi, phava!
n'kukwera chokha ngati njoka yolowa ku una.
Masitolo a mphete amatseka nthawi yomweyo.
Mnyamata amavula mkanda wamaluwa apulasitiki,
oluka tsitsi amawerengera ndalama pa bondo,
mphepo imabwerera pa bwalo la Icilda.

Zaka khumi ndi zinayi ndagwira sitima izi pakhosi,
phazi langa silinapondepo makwerero ake.
Amati pamwamba pali dziwe losambiramo,
madzi pamwamba pa madzi,
ndi chakudya chosatha usiku wonse,
ndi anthu ena, ngati mwana wa Barrington,
amene amachapa mbale pansi penipeni, komwe kulibe zenera.

Ndiye mayi wa chipewa, mukadzabweranso
weramani ngati tsiku lija.
Ndidzakhala pansi pano, chingwe m'manja,
ndipo wokuwa ndidzakhala ine:
kodi n'koyenera kukwera?